Makina Adziwa Bwanji Kuti Ndinu? Za Reji, Foni ndi Chala m'Makomboni a Lusaka

M'mbali mwa msewu wa Los Angeles ku Kanyama, monganso pakhomo la msika wa Matero, mabuuthi a ndalama za pa foni andanda mothinana: achikasu a MTN, ofiira a Airtel, obiriwira a Zamtel. Mayi wogulitsa tomato afika pa zenera lina n'kutchula nambala yake. Mtsikana wa m'katimo adinadina foni, awerenga mokweza dzina limene latuluka, kenako afunsa, "Ndinu, amayi?" Mayiyo avomera ndi mutu. Foni yake ilira m'chitenje, aitulutsa, atembenukira kukhoma kuti a pamzere asaone, adina manambala ake achinsinsi. Mtsikana uja awerenga K200 n'kumupatsira pa kabowo ka waya.

Zonsezi sizikwana mphindi imodzi. Koma m'kanthawi kameneko kompyuta ina, imene mayiyo sanaionepo ndipo sadziwa kumene ili, yagamula kuti munthu waima pa buuthiyo ndiye mwini ndalama. Kagamulidwe kameneka ndiko kakhala maziko a malonda, penshoni, chithandizo cha boma ndi misonkho m'Zambia ya lero, ndipo anthu amene amavulala msanga kakalakwika ndi a m'makomboni.

Funso lenileni

Akatswiri a makompyuta amagawa nkhaniyi patatu, ndipo kugawako n'kothandiza ngakhale kwa munthu amene sanagwirepo kompyuta. Choyamba ndi kudziwika: dzina, tsiku lobadwa, nambala ya reji (khadi ya boma yozindikiritsa munthu), zonse zimene zimasonyeza kuti munthu wakutiwakuti alipo ndipo ndi mmodzi. Chachiwiri ndi kutsimikizira: kodi amene wafika pakhomoyu ndi mwini dzinalo, kapena wangolitola? Chachitatu ndi chilolezo: ndi iyeyo inde, koma aloledwa kuchita chiyani? Namwino wa pachipatala cha Chawama aloledwa kutsegula mbiri ya wodwala, koma alibe gawo pa kaundula wa misonkho.

Kumudzi mafunso amenewa savuta. Nyakwawa imadziwa aliyense, amayi ake ndi kumene agogo ake anaikidwa. Ku Lusaka, kumene kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 2 miliyoni m'boma limodzi lokha, munthu wa lendi amasamuka ku George n'kupita ku Mtendere m'tsiku limodzi pa kalole kobwereka, ndipo nyumba zambiri zilibe dzina la msewu limene ofesi ingalembe pa fomu.

Vutoli lakula chifukwa ntchito zambiri zasamukira ku chimene amachitcha cloud. Liwuli limasocheretsa, pakuti pa Chingerezi limatanthauza mtambo, pamene zinthuzo sizili kumwamba konse. Ndi nyumba zodzaza makompyuta akuluakulu otchedwa maseva, zoziziritsidwa usana ndi usiku, zimene mabungwe amachita lendi m'malo mogula makina awoawo. Kalaliki wa pa ofesi amaona nkhope ya munthu, amamva kalankhulidwe kake, amatha kukayika. Seva siona nkhope. Imalandira manambala okha, ndipo iyenera kugamula pa manambala omwewo.

Kuchokera pa chitupa kufika pa reji

Anthu a m'dziko muno sanayambe lero kufunsidwa pepala. M'nthawi ya Northern Rhodesia mwamuna wachiafirika ankayenda ndi chitupa chosonyeza dzina lake, mudzi, mfumu, msonkho ndi bwana amene akumugwirira ntchito. Lusaka itakhala likulu mu 1935 inamangidwa ndi maganizo oti munthu wakuda ndi mlendo m'tauni: akhalemo pamene ali pa ntchito, ntchito ikatha abwerere kwawo. Amene anakana kubwerera, kapena analibe nyumba ya bwana, anamanga tinyumba m'mafamu ndi m'malo okumba miyala kunja kwa tauni. Makomboni monga Kalingalinga, George, Kanyama ndi Chawama anaphuka motero. Choncho chitupa chinali chida cholekanitsira wololedwa ndi wosaloledwa, ndipo n'chifukwa chake mu 1961, pa zipolowe za Cha Cha Cha, otsatira chipani cha UNIP ankaunjika zitupa n'kuzitentha.

Mu 1964, chaka cha ufulu, dziko linakhazikitsa lamulo la kalembera wa nzika, ndipo mu 1965 makhadi a NRC, amene aliyense amangoti reji, anayamba kuperekedwa. Nambala yoyamba, 000001/11/1, inapita kwa Kenneth Kaunda. Kuyambira pamenepo munthu aliyense akakwanitsa zaka 16 ayenera kutenga reji. Ya nzika ndi yobiriwira. Alendo okhazikika amapatsidwa ya mitundu ina.

Reji yobiriwira ndi chinthu chosavuta kufotokoza: kapepala kokutidwa ndi pulasitiki, chithunzi, chidindo cha chala chachikulu, ndi nambala ya zigawo zitatu. Manambala asanu ndi limodzi oyamba ndi a munthu, awiri apakati amasonyeza boma limene analembetsera, womaliza amasonyeza ngati ali nzika. Palinso malo a mudzi ndi mfumu, kotero kuti mnyamata wobadwira ku Kalingalinga, amene sanapondepo ku Petauke, amayenda ndi dzina la mfumu ya atate ake m'thumba. Pamenepa chitupa chakale chinasiya phazi lake.

Kufooka kwa rejiyi kuli m'mene mbiri yake inkasungidwira. Zonse zinali m'mabuku ndi m'mafayilo a mapepala. Banki ya ku Cairo Road inalibe njira yofunsira msanga ngati khadi yoperekedwa ku Lundazi ndi yeniyeni; inkangoyang'ana chithunzi n'kujambula fotokope. Boma lenilenilo lavomereza kuti njira imeneyi inabala manambala ogwera anthu awiri ndi makhadi achinyengo.

Pansi pa rejiyo palinso dzenje lina. Lamulo lakhala likulamula kulembetsa ana obadwa kuyambira 1973, koma kafukufuku wa zaumoyo wa 2018 anapeza kuti mwa ana 100 osakwana zaka zisanu, 14 okha ndiwo anali olembetsedwa. Tanthauzo lake n'lakuti anthu ambiri boma limayamba kuwadziwa ali ndi zaka 16, ndipo umboni wake umakhala khadi ya sikelo, mapepala a sukulu ndi lumbiro la kholo kapena wachibale amene ali ndi reji. Mwana wamasiye amene anakulira kwa anansi ku George amakakamira pomwepa, asanafike n'komwe pa nkhani ya makompyuta.

Mlonda mmodzi wa zipata zambiri

Kuti timvetse chimene akatswiri amamanga, tiyerekeze ndi fakitale ya ku Chinika. Mlendo akafika pageti, mlonda amaona reji yake, amayang'ana m'buku ngati akuyembekezeka, kenako amamupatsa kabaji kolembedwa kumene aloledwa kupita. Mkati mwa mpanda palibenso womufunsa reji. A ku sitolo ndi a ku ofesi ya malipiro amangoona kabajiko. Akamatuluka amabweza, ndipo mlonda amalemba nthawi.

Ntchito yotsimikizira anthu pa cloud imayenda chimodzimodzi. Oimanga amayamba ndi kaundula wa onse oyenera kulowa, anthu pamodzi ndi mapulogalamu, pakuti pulogalamu nayonso imafunika kudziwika ikamapempha zinthu kwa inzake. Kenako amaika mlonda, pulogalamu imene ntchito yake ndi kufunsa umboni basi. Umboni ukakwanira, mlondayo amapereka chiphaso chakanthawi chotchedwa tokeni, chodindidwa ndi masamu ovuta kuwanamizira, chimene chimafa chokha pakapita mphindi kapena maola. Amagawanso maudindo, kuti wolemba mayina asakhale yemweyo wovomereza malipiro. Pomaliza pamakhala buku la mlonda, losunga kuti wakuti analowa nthawi yakuti n'kuchita zakuti.

Mu pulogalamu ya OpenStack, imene bungwe la NASA ndi kampani ya Rackspace anaiyambitsa mu 2010 kuti aliyense athe kumanga cloud yakeyake, mlonda ameneyu amatchedwa Keystone, ndipo ndiye amaikidwa poyamba zigawo zina zisanabwere, chifukwa chilichonse chimafunsa kwa iye. Pa intaneti yonse pali malamulo ogwirizana a kapatsidwe ka tokeni, monga OAuth 2.0 ya 2012 ndi OpenID Connect ya 2014. Aliyense amene analowapo pa pulogalamu ina pogwiritsa ntchito akaunti yake ya Google kapena Facebook anadutsa njira imeneyi osadziwa.

Zambia ili ndi mlonda wake wotere. Bungwe la Smart Zambia Institute, limene limayang'anira ntchito za boma za pa kompyuta motsatira lamulo nambala 41 la 2021, limayendetsa ZamPortal, khomo limodzi la ntchito za maofesi osiyanasiyana, monga kulipira msonkho wa galimoto ku RTSA. Wolowa pakhomopo amadutsa pa ZamPass. Phindu lake n'loonekeratu: munthu alembetsa kamodzi m'malo mopita ndi fotokope ya reji ku ofesi iliyonse, ndipo maofesiwo safunikira kusunga mawu achinsinsi a anthu aliyense payekha.

Komano geti likakhala limodzi, tsiku limene lakana kutseguka onse amagona panja, ndipo mbala ikaba makiyi a mlonda yalowa m'zipinda zonse. Dziko la Estonia, limene limatamandidwa pa zitupa za pa kompyuta, mu 2017 linakakamizika kuimitsa makhadi pafupifupi 750,000 atapezeka ndi chilema m'kachipangizo kake. Kuno kwathu, mu Meyi 2022, gulu la mbava za pa intaneti lotchedwa Hive linasokoneza ena mwa makompyuta a Bank of Zambia, ndipo bankiyo inakana kulipira dipo. Ngati banki yaikulu ya dziko imagogodedwa, kaundula wa nzika zonse adzagogodedwanso.

Makiyi atatu ndi moyo wa m'komboni

Umboni umene mlonda angafunse uli wa mitundu itatu: chimene munthu akudziwa, chimene ali nacho m'manja, ndi chimene chili pathupi pake. Mabuku amalangiza kuphatikiza iwiri, kuti mbala ikapeza umodzi ikakamire pa winawo. Langizoli ndi labwino. Koma linalembedwa poganizira munthu wokhala ndi foni yakeyake, magetsi osazima ndi chipinda chake chotseka, ndipo m'komboni zinthu sizili choncho.

Chimene munthu akudziwa ndi PIN kapena mawu achinsinsi. Njirayi ndi yakale. Inayamba pa makompyuta a sukulu ya MIT ku America kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960. Kufooka kwake n'kwakuti chodziwa chimauzidwa. Agogo a ku Mtendere amene maso anafooka amapatsa mdzukulu foni ndi PIN yomwe kuti akawatapire ndalama. Ena amauza mtsikana wa pa buuthi kuti awadinire. Ambiri amasankha chaka chawo chobadwa, chimene chalembedwa pa reji yomwe ili m'kachikwama kamodzi ndi foniyo. Anthuwa si opusa. PIN inapangidwira munthu mmodzi, pamene ndalama za m'nyumba zambiri ndi za banja, za chilimba, za maliro.

Chimene munthu ali nacho, kwa ambiri, ndi simu khadi. Kompyuta imatumiza manambala akanthawi pa meseji, ndipo amene wawalandira amayesedwa mwini wake. Apa pamafunika foni yoyaka. Mu 2024, chilala chitaphwetsa nyanja ya Kariba, madera ambiri a Lusaka ankaona magetsi maola owerengeka patsiku, ndipo mafoni ankagona pa kantemba wotchajitsa ndi sola kapena jenereta, ali ndi kapepala ka dzina komatidwa kumbuyo. Foni yokhala kwa wotchajitsa theka la tsiku, kapena yogwiritsidwa ntchito ndi anthu anayi a m'nyumba imodzi, si umboni wamphamvu woti mwini wake ndiye wawerenga mesejiyo.

Chapathupi ndi zala, nkhope kapena diso. Ichi sichiiwalika ndipo sichitsalira m'minibasi. Koma makina a zala samayankha kuti inde kapena ayi motsimikiza. Amayeza kufanana n'kupereka mlingo, ndipo womanga ndiye amasankha pamene mzere udutse. Akaumitsa kwambiri, eni ake enieni amakanidwa. Akafewetsa, achinyengo amadutsa. Zala zimene zimavuta kuwerengeka ndi za okalamba ndi za anthu ogwira ntchito zamanja: amayi ophwanya miyala m'mbali mwa misewu, oumba mabuloko a simenti ku Kalingalinga, ochapira anthu zovala tsiku ndi tsiku. Ndiye kuti makinawo amakana msanga anthu omwewo amene chithandizo cha boma chinapangidwira. Palinso china: PIN ikabedwa imasinthidwa, koma chala sichisinthidwa.

Pamene foni inasanduka chitupa

Palibe lamulo limene linanena kuti nambala ya foni ikhale chitupa, koma ndi mmene zakhalira. Lamulo laling'ono nambala 65 la 2011 linalamula kuti simu iliyonse ilembetsedwe ndi chitupa cha mwini wake, ndipo bungwe loyang'anira za mafoni la ZICTA linaika mapeto a 2013 kukhala malire, zosalembetsedwa zinazimitsidwa. Kenako ndalama za pa foni zinafalikira ngati moto wa m'tchire louma. Kafukufuku wa FinScope anapeza kuti mu 2015 akuluakulu 14 mwa 100 ndiwo ankazigwiritsa ntchito, ndipo pofika 2020 anali pafupifupi 58. Lero lendi, mayunitsi a ZESCO, fizi ndi chopereka cha kutchalitchi zimadutsa pa nambala imodzimodziyo.

Mphamvu ya nambalayi inaoneka bwino mu Epulo 2023, pamene lamulo linalola mamembala a bungwe la penshoni la NAPSA kutapako magawo 20 pa 100 a zosonkha zawo ngati anasonkha miyezi 60 kapena anakwanitsa zaka 45. Pempho linkadutsa pa intaneti. Anthu ambiri, alonda, ogwira ntchito m'mashopu ndi m'mafakitale, anapeza kuti zimene bwana wakale analemba sizigwirizana ndi za pa reji, kapena kuti nambala ya foni ya m'kaundula inatayika kalekale. Ndalama zinalipo, eni ake analipo, koma kompyuta sinathe kuwalumikiza, ndipo anthu anafola mizere pa maofesi kukakonzetsa mbiri yawo.

Mbava nazo zinaona kuti khomo lofewa ndi limeneli. Aliyense wokhala ndi foni ku Lusaka analandirapo meseji yomuuza kuti ndalama ija aitumize pa nambala ina, kapena foni ya munthu wodzitcha wa ku kampani amene akufuna PIN kuti akonze akaunti. Chinyengo chachikulu kuposa apa ndi kusinthitsa simu: mbala imapita ndi mbiri ya munthu wina n'kupempha simu yatsopano pa nambala yake, ndipo kuyambira pamenepo manambala onse akanthawi amafikira kwa iyo. Mu Epulo 2024 akuluakulu a zachitetezo anathyola ofesi ya kampani yotchedwa Golden Top Support Services ku Roma, anagwira anthu 77 ndi kupeza masimu khadi oposa 13,000. Ambiri mwa ogwidwawo anali achinyamata a ku Zambia olembedwa ntchito ngati oyankha mafoni. Mu Juni chaka chomwecho khoti linapereka zilango za ukaidi kwa nzika za ku China zimene zinali m'gululo. Nkhaniyi inasonyeza kuti kulembetsa simu pakokha sikuletsa gulu limodzi kuunjika masimu zikwizikwi.

Lonjezo la INRIS

Yankho la boma ndi dongosolo lotchedwa INRIS, limene nduna ya za m'dziko ndi chitetezo, a Jack Mwiimbu, analifotokozera Nyumba ya Malamulo mu 2022. Cholinga chake n'kusonkhanitsa kubadwa, reji, ukwati ndi imfa m'kaundula mmodzi wa pa kompyuta, ndi kutenga zala ndi nkhope ya munthu aliyense wolembetsa. Ntchito yaikulu ya zalazo imachitika pa tsiku lolembetsa: makina amayerekeza zala za munthu watsopano ndi za onse amene ali kale m'kaundula, kuti wina asakhale ndi mayina awiri. Kaundulayo akakhala woyera, banki, kampani ya foni kapena ofesi ya chithandizo cha ndalama kwa osauka ingathe kufunsa pa intaneti ngati nambala yakuti ndi ya munthu wakuti, m'malo modalira fotokope.

Mayiko ena anayenda kale njirayi. Malawi inalembetsa anthu oposa 9 miliyoni mu 2017 m'miyezi yowerengeka, mothandizidwa ndi UNDP, ndipo chitupacho chinalumikizidwa ndi masimu, mabanki, zisankho ndi fetereza wotsika mtengo. India ili ndi Aadhaar, kaundula wa anthu oposa biliyoni imodzi. Ku Zambia ntchitoyi yayenda pang'onopang'ono, ndipo reji yobiriwira ikadali chitupa chimene anthu ambiri amatulutsa akafunsidwa.

Pamene anthu amasiyana maganizo

Pali zimene pafupifupi onse amavomereza. Kaundula wa mapepala sangathenso kunyamula dziko la anthu 19.6 miliyoni, monga mwa kalembera wa 2022. Zala zimachepetsadi kulembetsa kawiri. Umboni wa mitundu iwiri umaposa wa mtundu umodzi. Ndipo palibe makina amene sakana munthu woona nthawi zina.

Mkangano woyamba ndi wa kukakamiza. Boma ndi mabungwe othandiza amati chitupa chimodzi chodalirika chimachotsa mayina a mizukwa pa malipiro ndi pa mindandanda ya olandira chithandizo, kotero ndalama zimafika kwa oyenera. Omenyera ufulu amayankha kuti chitupa chikakhala chokhacho chotsegulira chakudya, mankhwala ndi sukulu, wosakhala nacho wafafanizidwa. Khoti lalikulu la India mu 2018 linaima pakati: linalola Aadhaar pa chithandizo cha boma, koma linakana kuti ikakamizidwe pa maakaunti a banki ndi pa masimu. Ku Kenya khoti mu 2021 linaimitsa makhadi a Huduma Namba chifukwa boma linali lisanaunike kuopsa kwake pa zinsinsi za anthu. Kuchuluka kwa ndalama zimene zitupazi zimapulumutsa kukadali nkhani yotsutsana, chifukwa dzina likachotsedwa pa mndandanda pamafunika kufufuza ngati linali la mzukwa kapena la nkhalamba imene chala chake chinakanidwa.

Wachiwiri ndi wa kumene mbiri ya anthu igone. Lamulo loteteza mbiri ya anthu, nambala 3 la 2021, limafuna kuti mbiriyo isungidwe pa maseva a m'dziko muno, ndipo dziko lili ndi malo ake osungirako amene anamangidwa ndi kampani ya Huawei ndipo tsopano ali m'manja mwa kampani ya Infratel. Ogwirizana ndi lamuloli amati zala za nzika zisakhale pansi pa makhoti a dziko lina. Otsutsa amati makampani aakulu monga Amazon, Microsoft ndi Google ali ndi akatswiri ochuluka a chitetezo ndi magetsi odalirika kuposa amene dziko losauka lingakwanitse. Onse awiri ali ndi mfundo, koma malo pa okha sateteza kanthu. Seva ya ku Lusaka imene makiyi ake aakulu amadziwika ndi anthu khumi ndi yofooka kuposa ya kutali imene buku lake la mlonda limawerengedwa mlungu uliwonse.

Wachitatu, umene uli wotentha kwambiri, ndi wa kukhulupirira boma. Buku la mlonda, limene limathandiza kugwira mbala, limasonyezanso kumene munthu wapita ndi zimene wachita. Anthu sanaiwale kuti pa tsiku la zisankho, pa 12 Ogasiti 2021, WhatsApp ndi Facebook zinatsekedwa mpaka bungwe la Chapter One Foundation linakadandaula ku khoti. Sanaiwalenso madandaulo a zipani zotsutsa mu 2020 oti mareji akuperekedwa mokondera zigawo zina, pakuti wopanda reji savota. Mu Epulo 2025 Pulezidenti Hakainde Hichilema anasaina malamulo awiri atsopano a chitetezo cha pa intaneti. Boma linati ndi oteteza anthu kwa mbava ndipo kumvetsera mafoni kumafuna chilolezo cha khoti. Bungwe la maloya la LAZ ndi mabungwe ena anati mphamvu zaperekedwazo n'zochuluka ndipo zili pafupi kwambiri ndi ofesi ya Pulezidenti. M'dziko limene chitupa chinayamba ngati chida cha atsamunda, mantha oterewa sangangotchedwa umbuli.

Khomo lakumbuyo

Gawo limene silikambidwa kwambiri, koma ndilo limagamula ngati dongosolo lonse lili labwino, ndi la kubwezeretsa. Munthu wataya foni, waiwala PIN, kapena reji yake yanyowa. Ku Kanyama zimenezi si zachilendo: madzi saphwa msanga, mvula ya Januwale ndi Febuluwale imalowa m'nyumba, ndipo mapepala osungidwa pansi pa matiresi amasanduka phala. Kuti apeze reji ina, munthu amafunika lipoti la apolisi, lumbiro, ndalama ya minibasi ndi tsiku lathunthu limene sagulitsa kanthu. Kuti abwezeretse simu amafunika reji. Kuti alowe pa akaunti ya boma amafunika simu. Unyolo wake ndi umenewo, ndipo ukaduka pamodzi zonse zimagwa.

Womanga dongosolo amakhala pa mphanda. Khomo lobwezeretsera likafewa, mbala zimasiya geti lolimba n'kuzungulira kumbuyo, monga zimachitira posinthitsa simu. Likauma kwambiri, mwini wake amatsekeredwa kunja kwa ndalama zake. Njira zimene zimathandiza n'zodziwika. Pakhale umboni woposa umodzi wovomerezeka, kuti chala chikakanika nkhope kapena PIN igwire ntchito. Ntchito zofunika zitheke pa foni ya mabatani, osati pa foni yaikulu yokha. Simu ikasinthidwa, ndalama zidikire kaye maola angapo zisanatuluke. Munthu wotapira ndalama agogo ake alembetsedwe poyera ngati nthumwi, m'malo mobwereka PIN mobisa. Ogwira ntchito m'kati apatsidwe chilolezo chochepa chokwanira ntchito yawo, ndipo wochoka ntchito achotsedwe m'kaundula tsiku lomwelo, pakuti kuba kwina kumadutsa mwa munthu wa m'nyumba. Ndipo m'komboni iliyonse yaikulu pakhale ofesi ya munthu wamoyo, wokhala ndi mphamvu yomva dandaulo ndi kukonza dzina lolakwika, osati wongouza anthu kuti netiweki yagwa.

Zonsezi zimadya ndalama, ndipo sizioneka pa tsiku lodula riboni monga amaonekera makina atsopano. Koma dongosolo limene layesedwa m'maofesi a ku Longacres okha silinayesedwe. Liyenera kuyesedwa ku Kanyama m'mwezi wa Febuluwale, magetsi atazima, pa zala za mayi wophwanya miyala.

Pamene boma likumanga zake, pali zimene wowerenga angachite sabata ino. Ngati simu imene mumasungira ndalama inalembetsedwa pa reji ya mlongo wanu, ya mwamuna wanu wakale kapena ya mnyamata amene anakugulitsani pamsewu, pa kaundula ndalamazo ndi zake. Pitani ku ofesi ya kampaniyo ndi reji yanu mukasinthe. Onani ngati dzina ndi tsiku lobadwa zimene zili ku NAPSA zikufanana ndi za pa reji, lembetsani mwana akangobadwa, ndipo reji muisunge m'pulasitiki pamalo okwera, kutali ndi foni. Wa ku kampani ya foni, wa ku banki kapena wa boma safunikira PIN yanu pa ntchito iliyonse, ndipo amene wakufunsani mudule foni.